Phokoso m'nasale ya makanda kuchipatala: zoti ogwira ntchito aphunzitsidwe

Khanda lobadwa masiku asanakwane likamva chitseko chikumenyetsedwa limadzidzimuka, mtima umathamanga, oxygen m'magazi amatsika, ena mpaka amasiya kaye kupuma. Ambiri amakhalanso akubayidwa gentamicin, mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, yemwe payekha amatha kuwononga makutu. Phokoso limangowonjezera vutolo.

Mu 1997, American Academy of Pediatrics, bungwe la madokotala a ana ku America, idalangiza kuti phokoso m'chipinda chosamaliramo makanda otere lisapitirire ma decibel 45 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Anthu awiri akamacheza amafika cha pa 60. Musapeputse kusiyanaku: manambala akakwera ndi 10, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri.

Phunziro liyambe ndi kuyeza, osati kudzudzula. App ya pafoni siyeza ndendende, koma imakwanira kutsegula anthu maso. Yezani pafupi ndi mutu wa mwana nthawi ya handover (popatsirana ntchito posinthana shifiti), pokolopa, ndi 2 koloko usiku. Kenako, kutali ndi ana, gwetsani chivindikiro cha bini yachitsulo onse akuona. Nambala ikadumpha, mkangano umathera pomwepo.

Concentrator (makina opereka oxygen) ndi Pumani (makina othandiza khanda kupuma) sitingazizimitse, koma concentrator isakhale kumutu kwa mwana, ndipo sefa yake izitsukidwa. Madzi akadikha m'mapaipi opita kwa mwana amachita khuluchukhuluchu, akhuthuleni. Alamu ya makina ikalira, yang'anani mwana, ikhalitseni chete, kenako fufuzani chaichititsa. Nthawi zambiri ndi probe, kachipangizo koyezera oxygen m'magazi, yomwe yasunthika pakaphazi. Kuzimitsiratu alamu chifukwa yatopetsa ndiye ayi, n'kuika moyo pachiswe. Pamwamba pa incubator, bokosi lofunditsiramo khanda, si tebulo: fayilo, botolo, kapena kugogoda ndi chala, mkatimo zimamveka ngati ng'oma. Timazenera take titsekedwe ndi manja awiri.

Kuno ku Mangochi, mwezi wa October mawindo sangatsekedwe chifukwa cha kutentha, ndiye zonse za pakhonde zimalowa. Benchi ya magadiyani isunthidwe, handover izichitikira pakhomo.

Pamene zimalakwika kwambiri ndi apa: amaphunzitsidwa anamwino okha, kamodzi. Amayi okolopa ndi ndowa yachitsulo palibe wawauza, ophunzira atsopano abwera, ndipo agogo amene amamva Chiyao auzidwa m'Chichewa chothamanga. Pakatha miyezi ingapo phokoso labwerera. Bwerezani phunziroli mphindi 10 mwezi uliwonse, shifiti yausiku isasiyidwe, ndipo manambala a sabata imeneyo amatidwe pakhoma pafupi ndi sinki yosambira m'manja.