Kusaka mabuku akale ku Lisbon

Loweruka lililonse, mumsewu waung'ono wa Rua Anchieta ku Chiado, dera la pakati pa mzinda wa Lisbon, ogulitsa mabuku akale amayala matebulo awo pafupi ndi Livraria Bertrand, sitolo ya mabuku yomwe inayamba mu 1732. Ngati mukufuna nkhani za Apwitikizi oyamba kukocheza m'magombe a Africa, yambirani pamatebulo amenewa. Mulawire, ndipo mutenge ndalama zapamanja chifukwa ambiri salandira khadi.

Ine Chipwitikizi sindichidziwa, choncho ndinkangotembenuza mabuku kuyang'ana mapu. Agogo ena aamuna, ovala chipewa chaubweya, anandifunsa m'Chingerezi chothyokathyoka chomwe ndinkafuna. Nditawauza, ananyamuka pampando wawo n'kundikhazikapo, iwo n'kuimirira. Pansi pa tebulo anasololapo buku la Gomes Eanes de Zurara, mlembi wa kunyumba ya mfumu, lofotokoza maulendo a ku gombe la Guiné, kumadzulo kwa Africa. Anatsegula chapakati n'kuyamba kuwerenga, chala chili pamzere, akumasulira pang'onopang'ono.

Ndi nkhani ya m'mawa wa pa 8 Ogasiti 1444 ku Lagos, kummwera kwa Portugal. Anthu 235 ogwidwa ku Africa anatsitsidwa m'zombo n'kuimikidwa pabwalo kuti agawidwe m'magulu asanu. Kalonga Henrique wa ku Portugal, yemwe ankatumiza zombo ku Africa, anali pomwepo, atakwera kavalo, kudikira gawo lake. Zurara akulemba za amayi okumbatira ana awo n'kudzigwetsa nawo pansi, akumenyedwa koma osawataya, ndi za ana othawira kwa makolo awo atangolekanitsidwa. Agogo aja atafika pamenepa mawu anayamba kunjenjemera. Kunabwera wogula wina, anangomukweza dzanja kuti adikire, mpaka anamaliza mutu wonsewo. Mtengo wolembedwa unali mayuro 15, koma anakana kulandira oposa 10. "Mukawerengere ana kwanu," anatero.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Zurara yemweyo, atalemba kuti misozi inamutuluka, akutembenuka n'kunena kuti anthuwo anapindula poti anabatizidwa. Komabe analemba zimene zinachitika pabwalo paja. Tsiku lotsatira ku Belém, dera lina la Lisbon, ndinaona chipilala cha Padrão dos Descobrimentos, chomangidwa mu 1960 pokumbukira zaka 500 chimwalirire Henrique. Iye ali kutsogolo atanyamula kachombo, kumbuyo kwake kuli amalinyero, ansembe ndi alembi. Amayi a pabwalo la Lagos palibepo. Mabuku onyezimira omwe ndinawaona m'timasitolo ta alendo nawonso ndi zombo ndi mapu basi, mtengo wake wokwera zedi. Musatayirepo ndalama.

Tramu (sitima yoyenda mumsewu) nambala 28, yomwe imadutsa pafupi ndi msika wa Feira da Ladra, imadzadza moti kupuma kumavuta. Ngati miyendo ili bwino, yendani wapansi kupita ku Feira da Ladra, msika wa zakale wa Lachiwiri ndi Loweruka ku Campo de Santa Clara. Mabuku kumeneko ali m'makatoni, osakanizika ndi mbale ndi mawotchi akufa, ndiye pamafunika kufatsa.

Ndinkafunanso buku la António Bocarro, momwe muli ulendo wa Gaspar Bocarro, yemwe mu 1616 anachoka ku Tete, n'kudutsa m'dziko la Amaravi, kucheza kwa mfumu Muzura, mpaka kukafika ku Kilwa, kugombe la dziko lomwe lero ndi Tanzania. Limeneli sindinalipeze pamatebulo onse. Agogo aja anandilembera pakapepala dzina la George McCall Theal, yemwe anamasulira zolemba zambiri za Apwitikizi m'Chingerezi m'mabuku a Records of South-Eastern Africa. Ndi akale moti ena amapezeka aulere pa intaneti. Ife kusukulu nkhani ya azungu kwathu tinkaiyambira pa Livingstone mu 1859, pomwe Mpwitikizi anali atadya kale nsima ya makolo athu zaka 243 m'mbuyomo. Bwanji palibe amene anatimasulira masamba ochepa amenewa m'Chichewa?