Vavu ya bulasi sitiisula ngati khasu

Anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito pashedi yanga ku Nchalo amabwera atazolowera chitsulo: chikapindika, chiike pamakala, chifiire, menya. Ndiye mlimi wa kusikimu akabweretsa vavu yachikasu ya bulasi ya paipi yothirira itaphwatalala kukamwa, dzanja limathamangira nyundo. Ine ndimakaniza.

Bulasi ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Amene amapangira mipopi ndi mavavu ambiri amakhala ndi mkuwa pafupifupi magawo 58 pa 100, zinki 40, kenako mtovu magawo awiri. Mtovuwo amauthira dala. Mukamasema pa lathe, makina osemera zitsulo, zinyenyeswa zimaduka zifupizifupi m'malo mokulunga mpeni, ntchito n'kumayenda msanga. Koma mtovu sulowerera mu bulasi. Umangokhala timadontho tating'onoting'ono, tambiri tili m'malire a tinjere ta chitsulocho, ndipo umasungunuka pa madigiri 327 okha, pamene bulasi amafuna pafupifupi 900.

Vavu ikangotentha pang'ono pamakala, kunja imaoneka yolimba bwinobwino, koma mkatimo mtovu wasanduka kale madzi. Zili ngati khoma la njerwa zopsa bwino lomangidwa ndi matope osauma. Mukamenya, chitsulocho sichipindika, chimangong'aluka, ndipo pong'alukapo pamakhala pamanyerenyere ngati mchenga wa mumtsinje wa Mwanza.

Wina adzafunsa kuti nanga kufakitale amasula bwanji vavu yomweyo ili yamoto. Iwo amapitirira kutentha kwapakatiku, amafika cha m'ma madigiri 650 mpaka 750. Zinki ikadutsa magawo 37, mu bulasi mumabadwa mtundu wachiwiri wa tinjere, akatswiri amati beta. Pamoto woterowo beta imafewa kwambiri, chitsulo n'kuyenderera m'chikombole ndi kupsinja kumodzi, timadontho ta mtovu tisanapeze potsegula mng'alu. Bulasi wa zinki yochepa, uja wa mkuwa magawo 70 ndi zinki 30, alibe beta. Ameneyo akakhala ndi mtovu ngakhale pang'ono, kumusula wamoto n'kumuwononga.

Ife pano tilibe choyezera moto, timadalira diso. Bulasi wofika posulika amafiira mwakuda, ndipo kufiirako sungakuone padzuwa la kuno la mu Okutobala, pokhapokha mumthunzi weniweni. Ukaonjeza moto kuti utsimikize, utsi woyera umayamba kutuluka. Imeneyo ndi zinki ikuthawa, ndipo amene waupuma amanjenjemera usiku ngati wadwala malungo. Zimenezi sindifuna zigwere mwana wa eni ali m'manja mwanga.

Palinso mavavu ochokera kumadera a madzi a mchere, monga cha ku Ngabu. Ena amafika ndi mawanga ofiirira, zinki itadyeka, n'kutsala mkuwa wa timabowo. Amenewo ngakhale osawatenthetsa amafumbutuka.

Mlimi ndimamuuza mosabisa kuti: "Bambo, iyi musatayirepo ndalama ya makala, kaguleni ina." Yakaleyo ndimaiponya m'thumba la zogulitsa kwa a sikirapu, ndipo osula miphika sindiwapatsa chifukwa cha mtovu womwewo.