Mzere wa 14 m'kaundula wa kachewere

Lachinayi, ku Ulongue. Kwacha ndi chisanu cha mu June, zala kuuma gwa, moti ndinayamba ndaotha kaye moto ndisanatsegule laputopu.

Amalume amagula kachewere kwa alimi a ku Tsangano n'kukagulitsa mumzinda wa Tete. Kaundula wawo ndinamukopera m'kompyuta, ndipo lero ndimati ndiwalembere kapulogalamu kowonkhetsa makilo m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python. Vuto lake n'lakuti mizere ina ilibe nambala, ina analembapo "wowola" basi. Python ukaipatsa mawu pamene ikuyembekezera nambala imakana, imvekere ValueError, uthenga wake wonena kuti chimene waipatsacho n'cholakwika, n'kuima pomwepo.

Mankhwala ake ndi continue. Mu loop, gawo la pulogalamu lobwereza ntchito imodzimodziyo mzere ndi mzere, liwuli limatanthauza kuti mzere uno usiye, zotsala zonse usachite, pita pa wotsatira. Amalume ndinawafotokozera kuti zili ngati posankha kachewere: wowola mumaponya pambali, dzanja n'kubwerera m'thumba. Mnzake break ndiye kumanga thumba lonse n'kumapita kwanu chifukwa cha mmodzi wowolayo.

Ndiye ine kuthamanga kwanga, ndinagwiritsa ntchito loop ya while, ndipo i += 1, chowerengera chosunthira pa mzere wotsatira, ndinaiika pansi penipeni, continue ili pamwamba pake. Itafika pa mzere wa 14, wopanda nambala uja, pulogalamu inadumpha zonse za m'munsi, kuphatikizapo chowerengera chomwecho. Ndiye i sanasunthe. Inabwerera pamwamba, kupeza mzere womwewo, kudumphanso, kubwereranso. Pasikirini zii, koma kafani ka laputopu kakulira ngati chigayo. Ndinakhala ndikuyang'ana kwa kanthawi ndithu, ndikuganiza kuti makinawo akalamba, mpaka ndinadina Ctrl+C kuti pulogalamu iime.

Ndinasintha n'kulemba ndi for, mtundu wina wa loop. Iyo imatenga yokha chinthu chotsatira pamndandanda, continue singaitsekereze. Kwa ine while ndi continue m'nyumba imodzi ayi, pokhapokha chowerengera chikhale pamwamba.

Masana titadya nsima ya nyemba ndinawaonetsa zotsatira, ndili nyadu. Anayang'ana nambalayo, n'kuyang'ana kope lawo lakuda lija.

"Mphwanga, makilo anga achepa. Amene waponya pambaliwo, wawaponya kuti?"

Ndinasowa choyankha. Ndinawonjezera kamzere koti chilichonse chodumphidwa chizisindikizidwa kaye, ndipo panatuluka mizere isanu ndi iwiri m'malo mwa itatu imene ndimaidziwa. Inayi inali bwinobwino, kungoti amalume amalemba 12,5 ndi chizindikiro cha koma, monga tinaphunzirira tonse kusukulu kuno ku Mozambique, pamene Python imafuna 12.5 ya dontho. Continue wanga amataya kachewere wabwino mwakachetechete, osadandaula n'komwe. Bola ValueError uja, amakuwa.

Ndaika lamulo la replace kuti koma azisanduka dontho, ndipo makilo agwirizana ndi a m'kope. Amalume angoti "ehee" n'kunyamuka kukaona ngati galimoto ya mawa yapezeka. Kope lawo alitenga, akuti salisiya.