Thumba la kachewere ndi mfundo za ku Basel

Mayi anga amagulitsa kachewere pa msika wa Lizulu, ndipo ali ndi lamulo lawo lomwe sasintha: thumba silikwera galimoto foni isanalire. Wogula atati, "Ndatumiza kale amayi, onani apa," iwo sayang'ana n'komwe foni yake. Amaponda thumba ndi phazi limodzi, n'kudikira uthenga pa foni yawoyawo. Ndili mwana ndinkaona ngati kuuma mtima.

Mwezi uno pa maphunziro anga a zamabanki tafika pa mutu wa momwe mabanki amalipirirana. Ndinayamba kuwerenga mogwa ulesi, mpaka nditafika pa nkhani ya banki ya Herstatt. Pa 26 Juni 1974 akuluakulu oyang'anira mabanki ku West Germany anatseka banki imeneyi ku Cologne. Mabanki ena anali atailipira kale ndalama za ku Germany tsiku lomwelo, akuyembekeza kulandira madola ku New York, komwe kunali kudakali m'mawa. Madola aja sanabwere. Ndinatseka kope n'kukhala chete, chifukwa zimene amayi amakana pa Lizulu ndi zomwezi: thumba linanyamuka foni isanalire.

Mu Epulo 2012 komiti ya mabanki aakulu a mayiko, monga Reserve Bank yathu, yokhala mu mzinda wa Basel ku Switzerland, pamodzi ndi bungwe la IOSCO la oyang'anira misika ya masheya, inatulutsa mfundo 24 zotchedwa PFMI, zoti njira zikuluzikulu zolipirirana ziziyendera. Mfundo ya 12 imati pamene zinthu ziwiri zikusinthanitsidwa, kaya ndalama ndi ndalama, kaya ndalama ndi masheya, mbali imodzi isamalizike inayo ikadali m'malere. Ya 8 ndiyo yandivutitsa kwambiri kumvetsa. Imafuna kuti pakhale nthawi yodziwika bwino yomwe malipiro atha, osabwezekanso, ngakhale banki yotumizayo itagwa mawa lake. Kwa munthu wokulira pa msika zimenezi zimaoneka zodziwikiratu, koma ndalama za masiku ano ndi manambala a m'makompyuta. Popanda lamulo lonena kuti pano ndiye pathera, munthu angabwere n'kuti nambala ija ifufutidwe.

Chomwe ndinali ndisanachidziwe n'chakuti mfundozi si lamulo. Palibe khoti la ku Basel lomwe lingazenge mlandu banki ya ku Blantyre. Dziko lililonse limazitenga n'kuzilowetsa m'malamulo ake, kenako a IMF ndi World Bank akamayendera mayiko amayeza ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zochitika. Kwathu kuno tili ndi Payment Systems Act ya 2016, yomwe imapatsa Reserve Bank of Malawi mphamvu zoyang'anira njira zolipirirana. Mabanki amalipirana kudzera m'makina otchedwa MITASS, malipiro akuluakulu paokhapaokha nthawi yomweyo, pa maakaunti awo a ku Reserve Bank. Natswitch ndiyo imachititsa kuti khadi ya banki ina itulutse ndalama pa ATM ya banki ina. Zopita kunja m'chigawo chathu zili ndi SADC-RTGS, yomwe inayamba mu 2013 ndipo imayendera ndalama ya rand.

Pamene mtima wanga sunakhazikike ndi pa mfundo ya 17. Imati makina ofunika akaima, ntchito iyambirenso pasanathe maola awiri. Ndikumvetsa kuti maola awiriwa amanena za makina aakulu ngati MITASS, osati kafoni ka mayi wogulitsa mbatata. Komabe ine ndikuona kuti dziko likamayeza ngati lafika pa muyezo wa mayiko, lizifunsanso anthu a m'misika ngati Lizulu ndi Tsangano, poti ndalama zambiri za anthu wamba zikudutsa m'mafoni momwemo.

Ndikunena izi chifukwa cha tsiku lina la msika m'nyengo yozizira ija. Netiweki ya kampani ina inasowa kuyambira cha m'ma 11 koloko. Wogula wochokera ku Lilongwe anali atasankha matumba asanu ndi limodzi, ndalama zili m'foni, ejenti alibe zokwanira zoti am'patse pamanja. Anadikira, nayesa kukwera pa chulu kusaka netiweki, nayesanso kuwanyengerera amayi kuti atumiza akafika pa Dedza. Amayi anakana mwaulemu. Dzuwa litapendeka anakwera lole yake wopanda kanthu, ife tinafunditsa matumba aja ndi lona n'kulipira mlonda kuti agone pomwepo.