Nsapato yanga ikadali m'siling'i

Nyumba yanga ya lendi itangotha kupentedwa, kunabwera mnyamata wina wa ku kampani yoyang'anira nyumba za anthu, fayilo ili kukhwapa. Anafotokoza ntchito yawo mwaulemu: kupeza munthu wolowa m'nyumba, kufufuza ngati amalipira bwino kumene akuchokera, kulemba mgwirizano, kutolera lendi, kuitana amisiri chinthu chikawonongeka. Iwo azitengapo 10 peresenti ya lendi mwezi uliwonse.

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Nyumba ndimange ine, wina azidya nawo chifukwa chodziwa kunyamula fayilo? Ndinamuperekeza mpaka pageti, khadi lake n'kuponya m'dirowa ya zinyatsi.

Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Abambo, babu likapsa m'nyumba muno timakhala mumdima masiku atatu. Ndiye inuyo muyang'anire nyumba ina yathunthu?"

Ndinati azimayi sadziwa za bizinesi.

Munthu wolowa m'nyumbamo ndinamusankha ndi maso. Anali bambo wa tayi, wolankhula motsitsa mawu, ndipo anandiitana kuti "bwana landilodi" katatu tisanamalize n'kupatsana moni komwe. Mtima unangoti myaa. Mgwirizano wathu unali kugwirana chanza basi. Dipoziti anati abweretsa mawa, ine n'kumupatsa makiyi lero. Zojambula zithunzi kapena kulemba mmene nyumba inalili tsiku lolowa, ndinaona ngati n'kumunyoza munthu wamkulu ngati ameneyo.

Mwezi woyamba lendi inabwera pa 1. Wachiwiri inabwera pa 17. Wachitatu inayamba kubwera pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso. Ndikapita kukatolera ndinkakonzekera mawu okhwima njira yonse, koma ndikangofika, bamboyo amandikhazika pampando wabwino n'kuyamba kufotokoza mavuto ake mpaka wopepesa kukhala ine. Tsiku lina ndinabwerako nditamubwereka ndalama yoti akwerere basi. Zimenezi kunyumba sindinanene.

Foni nayo sinkagona. Loko wakanika, mpope ukulira, chitseko cha bafa chatupa. Munthu wa ngongole ya miyezi iwiri, koma akamaimba teni koloko usiku mawu ake ngati ndiye mwini nyumba.

Loweruka lina masana anaimba kuti siling'i ya pabalaza ikudontha. Ndinadziwa kuti ndi giza, thanki ija yotenthetsera madzi, chifukwa ili pamwamba pomwepo. Pulambala amene ndinamuimbira atatchula mtengo, ndinamufunsa ngati akufuna kukonza payipi kapena kugula nyumba yonse. Ndinatsegula YouTube, n'kupeza vidiyo ya mphindi zisanu ndi imodzi. Mphindi ziwiri zoyambirira ndinadumpha, poti munthu wake ankangolongolola. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mmenemo ndi mmene ankanena zinthu zitatu: zimitsa magetsi a giza, tseka madzi pa valavu yaikulu, ndipo m'siling'i uziponda pa matabwa okha, osati pa bolodi.

Ndinafika ndi sipanala, tochi ndi thepi yoyera ija yokulunga pa mapayipi. Pabalaza panali alendo asanu ndi atatu, anzake a kuntchito, akuonera mpira, beseni lili pakati kuwakha madontho. Ndinawapatsa moni wa munthu wodziwa ntchito yake, n'kukwera makwerero.

Mmwambamo munali mdima, fumbi ndi kutentha koopsa. Ndinakwawa mpaka pa giza, tochi ili kukamwa, ndipo ndinaipezadi nati imene inkadontha. Kadontho kamodzi, kenako kena. Ndinadziuza kuti taonani ndalama imene pulambala amafuna kundibera. Ndinakoleka sipanala n'kupotokola ndi mphamvu zanga zonse.

Kumanga ndi kumasula kumasiyana mbali. Izi ndimazidziwa bwinobwino ndikakhala pansi. Koma utagona chammbali, mutu uli pansi pa payipi, dzanja lamanja ndi lamanzere zimasinthana malo osakuuza.

Madzi anangoti phwaa kumaso. Mwayi wake inali payipi ya ozizira. Tochi inagwa, ine ndinadzambatuka, n'kubweza mwendo m'mbuyo kufuna poponda. Bolodi linandilandira kwa kanthawi kochepa kwambiri.

Mwendo wamanja unatulukira pabalaza mpaka m'ntchafu. Wamanzere unatsalira mmwamba, nsapato itapanikizika pakati pa thabwa ndi payipi. Thalauza linang'ambika pamalo amene sindingatchule. Pansi panangoti zii, kumangomveka wolengeza mpira ndi madzi akukhuthukira pa sofa. Kenako kamwana kanakuwa: "Adadi, mwendo!"

Ndiye ndinamva mawu aja otsitsa, aulemu, osatekeseka n'komwe: "Musaope, ndi a landilodi amenewo."

"Tsekani madzi!" ndinakuwa.

"Potsekera pali pati, bwana landilodi?"

Apa m'pamene ndinakhala kakasi. Nyumba yanga, yomanga ndekha, koma valavu yaikulu sindinkadziwa pamene ili. Amuna anayi anathamanga kuzungulira nyumba kufunafuna, atatu anagwira mwendo wanga n'kumakoka, mmodzi anaima pakona foni ili mmwamba kujambula. Atakoka kachitatu ndinatsika ndi theka la siling'i, sokosi yamanzere ili yokha. Madziwo anadzatseka ndi pulambala yemwe uja. Valavu inali pafupi ndi mita, itakwiririka ndi udzu, ndipo mtengo wake tsopano unali wa Loweruka madzulo.

Lolemba ndinalandira kalata, pepala loyamba kulembedwa pakati pa ine ndi bamboyo. Munali TV, sofa, kapeti, makatani ndi wailesi imene sindinaionepo m'nyumbamo. Kapetiyo ndimaikumbukira, inali yothetheka kale, koma ndikanatsutsa ndi chiyani? Wobowola denga ndi ine, mboni zisanu ndi zitatu, vidiyo ilipo. Atawerengetsa zonse, ngongole yake ya miyezi iwiri inafafanizika, ndipo wotsala ndi ngongole ndinali ine.

Mayi a kunyumba sananene zambiri. Anandipaka mankhwala pantchafu, akung'ung'udza kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo potuluka anasiya khadi la mnyamata uja pa pilo.

Mnyamatayo sanandiseke, ndipo zimenezo n'zomwe zinandiwawa kwambiri. Anajambula chipinda chilichonse, analemba mgwirizano wa masamba asanu, bambo wa tayi n'kusayina osatsutsa. Dipoziti ija ya mawa inabwera pasanathe sabata. Lendi tsopano imalowa pa 1, itachotsedwa 10 peresenti, ndipo ndimaiwerenga kawiri kuti mwina ndipeze podandaulira. Mu mgwirizanomo mulinso ndime yakuti mwini nyumba asalowe asanapereke notisi ya maola 24. Mnyamatayo anaiwerenga mokweza, akuyang'ana ine.

Siling'i anaika bolodi latsopano n'kupenta. Patapita mwezi ndinamuimbira foni kumufunsa za nsapato yanga, yachikopa, yovala kawiri kokha.

"Bwana, m'siling'i timatumamo mmisiri, ndipo malipiro ake timachotsa ku lendi. Ndilembe?"

Ndinati ayambe wadikira kaye. Inzake ili pansi pa bedi, ndipo mayi a kunyumba akamasesa amaitulutsa, n'kuiika pakhomo pamene ndingaione.