Sabata ya mu registry ku Zomba: kalaliki wodziwa pamene fayilo ili

Lolemba m'mawa, makalata atsopano asanatsegulidwe, kalaliki mmodzi amatenga kope n'kuzungulira maofesi onse kulemba mafayilo amene ali pa matebulo a mabwana. Amalemba nambala ya fayilo, dzina la amene ali nayo ndi tsiku. Akabwerera timafananitsa ndi makhadi osonyeza kumene fayilo iliyonse inapita. Sabata ino angapo sanagwirizane ndi makhadi, ndipo chifukwa chake n'chakale chomwe: maofesala amapatsirana fayilo pamanja pakhonde osadutsa ku registry, ofesi yolandira makalata ndi kusunga mafayilo. Khadi likunena kuti ili kwa a zantchito, pamene yafika kale kwa a akawunti. Mankhwala ake ndi kapepala kolembapo nambala ya fayilo, wopereka, wolandira ndi tsiku, kamene mesenjala amabweretsa ku registry fayilo ikangosintha manja.

Makalaliki ambiri sakonda ntchito yozungulirayi, amati ndi ya mesenjala. Akulakwitsa kwambiri. Wozungulira ndi amene mabwana amamuona sabata ndi sabata, ndipo ndi iye amadziwa nkhani zimene zaima. Bwana akaimba kufunsa fayilo ya kukonza galimoto, pali mayankho awiri. Wina amati, "Ikufunidwa, bwana." Wina amati, "Bwana, ili kwa a akawunti kuyambira Lachinayi, akudikira makoteshoni. Ndikaitenge kapena ndiwauze kuti mukuifuna ikatha?" Onse awiri ali pa giredi imodzi, malipiro ndi amodzi, koma tsiku lofuna munthu wogwirizira mpando wa wamkulu wa registry akapita ku holide, dzina lobwera m'mutu mwa bwana ndi la wachiwiriyu.

Lachiwiri linali la makalata ambiri. Kalata ikafika imadindidwa chidindo cha tsiku, pamalo opanda zolemba, kenako imalowa m'buku la makalata obwera: tsiku lofika, tsiku lolembedwa, wotumiza, nambala yake, mutu wa nkhani ndi fayilo imene yaikidwamo. Envulopu osaitaya musanasuzumiremo, chifukwa macheke, malisiti ndi makope a masatifiketi amatsalira mmenemo. Ngati kalata ikunena kuti yabwera ndi zikalata zitatu koma mwapeza ziwiri, lembani pomwepo n'kusayina. Mukapanda kutero, chosowacho chidzakhala mlandu wanu.

Pepala likalowa m'fayilo limabooledwa pakona yakumanzere, limamangidwa pa tagi, kachingwe kogwira mapepala a m'fayilo, ndipo limapatsidwa nambala yotsatira pakona yakumanja. Nambala zimenezi si zokongoletsa. Zikadumpha kuchoka pa 57 kufika pa 59, aliyense amadziwa kuti pepala lazulidwa. Vuto lalikulu la makalaliki atsopano ndi kuika kalata m'fayilo poyang'ana dzina la wotumiza m'malo mwa nkhani yake. Kalata yochokera ku kampani yogulitsa matayala ikhoza kukhala yodandaula za malipiro, ndiye kwawo ndi ku fayilo ya malipiro, osati ya magalimoto. Werengani kalata yonse mpaka pansi. Ngati ikukhudza nkhani ziwiri, yeniyeniyo ilowe m'fayilo ya nkhani yaikulu, kope lake lilowe m'fayilo inayo, ndipo pa lililonse mulembepo kumene linzake lili. Ikakusokonezani funsani. Safunsa anadya phula, ndipo kalata yolowa m'fayilo yolakwika imasowa zaka ili m'chipinda chomwecho.

Lachitatu tinatsegula buku la BU (bring up), lotikumbutsa masiku obwezera mafayilo kwa mabwana. Bwana akalemba kuti fayilo ibwererenso kwa iye tsiku lakuti, tsikulo limalowa m'buku nthawi yomweyo, fayilo isanabwerere pa shelefu. M'mawa uliwonse buku limeneli ndi loyamba kutsegula. Kalaliki wofuna kukwera azikhalanso ndi kope lakelake la zimene walonjeza anthu, chifukwa mawu akuti "ndikuonerani" olankhulidwa pakhonde amaiwalika nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Tsiku lomwelo panabwera bambo wina wachikulire wochokera ku Jali, wopuma ntchito, kudzafunsa za kalata yake. Anaima pakauntala atagwira chipewa m'manja, pepala lake litapindidwa kanayi m'kajumbo ka shuga. Mtsikana wa pakauntala anawapatsa mpando, anayang'ana m'buku, n'kunena kuti, "Bambo, kalata yanu inafika, ili kwa abwana oti asayine. Musavutike kubweranso mawa. Ndipatseni nambala ya foni, ikatuluka ndikuimbirani." Bamboyo anatulutsa kandalama kuti ndi ka fanta. Mtsikanayo anathokoza n'kukabweza. Anachita bwino, ndipo si nkhani ya ulemu wokha. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limaletsa wogwira ntchito m'boma kulandira ziphuphu, komanso kalaliki amene wadziwika kuti fayilo imayenda akapatsidwa kenakake sapatsidwanso makiyi a kabati ya zachinsinsi. Chimodzimodzinso wokamba za m'mafayilo a anzake m'minibasi ya ku Chinamwali: za ngongole ya uje, za kalata yochenjeza uje. Zomba ndi yaing'ono, mawu amafika kwa mwini wake dzuwa lisanalowe.

Lachinayi tinatseka mafayilo onenepa. Kwathu fayilo ikafika masentimita atatu timaitseka, timalemba tsiku la pepala loyamba ndi lomaliza pachikuto, n'kutsegula voliyumu yachiwiri ya nambala yomweyo. Mukaisiya ikule, tagi imang'amba mapepala apansi, amene nthawi zambiri ndi ofunika kwambiri. Kuno kunsi kwa phiri chinyezi ndi mdani weniweni, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mapini achitsulo amachita dzimbiri n'kudya pepala, zikuto zimachita nkhungu, chiswe chimakwera khoma usiku umodzi. Fayilo isakhale pansi pa simenti ngakhale tsiku limodzi, ndipo shelefu isagunde khoma, pazikhala mpata wolowa dzanja. Mafayilo otsekedwa amene sakufunidwanso kawirikawiri amalembedwa pa mndandanda, amaikidwa m'mabokosi, n'kutumizidwa ku National Archives, nkhokwe ya zolemba zakale za boma, imene ili konkuno ku Zomba chiyambire 1947. Wogwira ntchito ya mapepala m'tauni muno ayenera kudziwa kuti mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma la atsamunda, otchedwa Secretariat, kuno ndipo zolemba zambiri za boma za zaka zoyambirira zinapsa. Lero ofufuza mbiri amavutika kupeza za nthawi imeneyo. N'chifukwa chake ketulo ndi hita sizilowa m'chipinda cha mafayilo, ngakhale mu Juni kuzizire bwanji.

Lachisanu masana, ntchito itaphwa, tinakhala pansi ndi makalaliki kuyang'ana mafayilo awo omwe. N'zomvetsa chisoni kuti munthu wosamala mapepala a ena sadziwa zimene zili m'fayilo yake. Muyenera kukhala kalata yolembedwa ntchito, kalata yotsimikizidwa pantchito, makope a MSCE ndi masatifiketi ena, ndi makalata onse osamutsidwa. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane pa satifiketi ya MANEB, pa chiphaso cha unzika ndi pa zolemba za kuntchito. Kusiyana kwa chaka chimodzi sikuoneka lero, koma kumadzaimitsa zinthu tsiku la intavyu kapena pofika zaka 60 zopumira ntchito. Mukauzidwa kuti mugwirizire mpando wa munthu wina, pemphani mwaulemu kuti zilembedwe m'kalata. Kugwirizira kwa pakamwa, ngakhale kwa miyezi isanu ndi umodzi, sikuwerengedwa kulikonse.

Za maphunziro tinakambirana nthawi yaitali. M'boma kalaliki wa MSCE amayambira pa giredi M, dipuloma imatsegula khomo la giredi K, digiri la giredi I, koma pepala palokha silikweza munthu: pamafunika malo opanda munthu, kufunsira, ndi kupambana intavyu. Sankhani maphunziro ogwirizana ndi mzere wa ntchito yanu, kaya ndi ku University of Malawi pa Chirunga pompa kapena ku Malawi School of Government ku Mpemba, ndipo fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, musanalipire fizi. Chilolezo chophunzira chikhale cholembedwa musanayambe, apo ayi masiku a mayeso adzawerengedwa ngati kujomba.

Pa intavyu sadzakufunsani kuti ndinu olimbikira ntchito kapena ayi, aliyense amati eya. Adzafunsa kuti fayilo ikasowa mumatani, ndipo yankho lake lili ndi ndondomeko: khadi, kope la Lolemba, mashelefu oyandikana ndi nambalayo, mkati mwa mafayilo ena amene anayenda nayo tsiku limodzi, kenako kalata yozungulira maofesi onse. Zonsezi zikalephera mumatsegula fayilo yogwirizira yolembedwa bwino pachikuto kuti ndi yongoyembekezera, ndipo yeniyeni ikapezeka mumaphatikiza mapepala motsata masiku, n'kukonza nambala ndi khadi lomwe.