Sabata yomwe chithanki chachikulu chinatikanira

Lolemba m'mawa zotsatira za batch ya sabata yatha, kutanthauza ulendo umodzi wolima tizilombo mu thanki mpaka kukolola, zinatuluka ndipo sizinali bwino ayi. Kuntchito kwathu timapanga enzyme inayake, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu, pogwiritsa ntchito mabakiteriya a E. coli omwe anawaika jini yapadera, nde ntchito yanga ine ngati injiniya ndi kuonetsetsa kuti zomwe anzathu a mu labu akwanitsa mu kathanki ka malita 5 zichitikenso mu chithanki cha malita 20,000. Mu labu zinkayenda myaa, tizilombo tikukula bwinobwino, enzyme ikutuluka yambiri, koma titangozipititsa ku chithanki chachikulu zokolola zinatsika moti aliyense anachita kukhwinya nkhope, ndipo sampulo inaonetsa acetate wochuluka, asidi yemweyu amene amapatsa viniga fungo lake lija.

Msonkhano wa tsiku limenelo unali wolozana zala basi. A production akuti mbewu, tizilombo toyambira tomwe a labu anatipatsa, inali yofooka, a labu akuti mbewu ilibe vuto inuyo ndi amene simunatsatire ndondomeko, bwana wamkulu angoti ine ndikufuna yankho pofika Lachisanu. Ine ndinangokhala chete ndikulemba, chifukwa acetate amabwera pa zifukwa zodziwika. E. coli ukaipatsa shuga wambiri kuposa amene ingathe kumuwotcha yense ndi okosijeni, wotsalayo imamusandutsa acetate n'kumutayira m'madzi momwemo, kenako acetate yemweyo akachuluka amayamba kuibweza m'mbuyo pakakulidwe. N'chifukwa chake sitithira shuga yense poyamba, timachita fed-batch, kutanthauza kuti pampu imadontheza glucose pang'onopang'ono kuti tizilombo tizikhala ndi kanjala nthawi zonse. Yisiti nayo ili ndi khalidwe lomweli, kungoti iyo ikakhuta shuga imatulutsa ethanol ngakhale mpweya ulipo. Nde funso linali lakuti, pampu inkadontheza mlingo womwewo pa lita imodzi ngati mu labu, acetate ameneyu wachokera kuti?

Lachiwiri ndinakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa kuyang'ana magilafu a batch yonse. pH, mlingo wa asidi m'madzi, inali pamalo pake, kutentha madigiri 37 osasuntha, okosijeni wa m'madzi yemwe timangomuti DO sanatsike pansi pa 30 peresenti olo kamodzi. Ukangoona zimenezi ungati zonse zili bwino. Koma ndinapempha mtsikana wa ku HPLC, makina oyezera zomwe zili mu sampulo, kuti ayezenso sampulo zija, osati acetate yekha koma ma asidi enanso, ndipo masana anabwera ndi pepala n'kuti, achimwene, muli formate umu, lactate nayenso alimo pang'ono. Apa nde ndinadzuka pampando. Formate E. coli imamupanga ikasowa okosijeni, sikuti wangobwera chifukwa cha kukhuta shuga ayi. Kutanthauza kuti penapake mu thanki muja tizilombo tinkabanika pomwe probe, kachipangizo koyezera DO, ikutiuza kuti mpweya ulipo wokwanira.

Probe siinama, imangonena za pamalo pomwe yaikidwa basi. Yathuyo ili m'munsi, pafupi ndi impeller ya pansi, chitsulo chozungulira chotakasa madzi, komanso paipi yomwe imalowetsa mpweya, malo abwino kwambiri mu thanki yonse. Pomwe shuga amalowera pamwamba penipeni, amagwera pankhope pa madzi, mamita angapo kuchokera pa probe. Anthu ambiri sadziwa kuti okosijeni amasungunuka pang'ono kwambiri m'madzi, pa madigiri 25 ndi mamiligalamu 8 okha pa lita, pa 37 ndi ochepera apo, pomwe glucose ungathe kusungunula magalamu mazana mu lita yomweyo. Tizilombo tikathithikana, ka okosijeni kameneko timakamaliza m'masekondi ochepa ngati wina sakulowa. Nde taganizirani pamwamba paja, shuga wokhathamira akugwera pamenepo, tizilombo tikudya mwaphuma, okosijeni watha, kenako madzi akutikokera pansi kumene mpweya uli mbwee koma shuga kulibe, kenako tikukweranso. Kachilombo kamodzi kakuzungulira choncho maola ambirimbiri ngati munthu amene akumumiza m'madzi, kumuvuula, kumumizanso. Mu kathanki ka malita 5 zimenezi sizioneka chifukwa chilichonse chomwe wathira chimasakanikira m'masekondi owerengeka.

Madzulo ake poti chithanki chinali chitatsukidwa chili chopanda kanthu, tinachidzaza madzi, kuyatsa mota ndi mpweya, n'kuthira kamchere pamwamba pomwe pamagwera shuga kuti tione nthawi yomwe katenge kuti kafike paliponse mofanana. Inapitirira mphindi imodzi. Mphindi kwa ife si kanthu koma kwa E. coli, yomwe pamalo abwino imatha kugawikana pa mphindi 20 zilizonse ndipo imasintha majini omwe ikugwiritsa ntchito m'kanthawi kochepa, imeneyo ndi nthawi yaitali zedi.

Mnyamata wina yemwe wangoyamba kumene ntchito anafunsa funso lomwe aliyense amafunsa, bwanji osangowonjezera liwiro la mota? Funso labwino koma masamu ake ndi owawa. Mphamvu yomwe impeller imadya imakwera molingana ndi liwiro kulichulukitsa ndi lokha katatu, ndiye ukati uzungulitse kawiri liwiro lakale ukufunika mphamvu kasanu n'katatu, mota yathu singakwanitse ndipo ngakhale itakwanitsa mphamvu yonseyo imathera m'madzi ngati kutentha. Ndipo kutentha ndi vuto kale. Tizilombo tikamapuma timatulutsa pafupifupi makilojulu 460 pa magalamu 32 aliwonse a okosijeni omwe tagwiritsa ntchito, nde thanki ukaikulitsa kuti izitenga madzi ochuluka ka 1,000, khoma lake lomwe timaziziritsira limangokula ka 100 basi. Ndiye chifukwa chake mathanki akuluakulu amakhala ndi mapaipi a madzi ozizira opindapinda mkati, omwenso amasokoneza kayendedwe ka madzi n'kuvutitsa potsuka. Palibe chomwe ungakonze osawononga china, ntchito yathu ndi kusankha chomwe ungalole kuti chiwonongeke pang'ono.

Paja mavuto amenewa si atsopano. Alexander Fleming anaona penicillin mu 1928 koma kwa zaka zoposa khumi anthu ankangolima nkhungu ija m'mabotolo ndi m'timbale, pamwamba pa madzi pomwe imapeza mpweya, mankhwala n'kumatuluka ochepetsetsa. Zinasintha pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse pomwe akatswiri a ku Peoria ku America anapeza mtundu wa nkhungu womwe umakula bwino uli womira komanso chakudya chake chabwino chochokera ku madzi onyikamo chimanga m'mafakitale, kenako Pfizer, yomwe inali itazolowera kale kupanga citric acid ndi nkhungu, inatsegula fakitale ku Brooklyn mu 1944 yokhala ndi mathanki 14 a magaloni 7,500 iliyonse. Chomwe chinkawasowetsa tulo anthu amenewo ndi chomwechi, kulowetsa mpweya wokwanira komanso woyera mu chithanki chakuya. Ine ndimaona kuti anthu amatamanda kwambiri wopeza tizilombo n'kuiwala omwe anapangitsa kuti tizilomboto tipume.

Lachitatu m'malo mokangana tinaganiza zolibweretsa vutolo mu labu. Kuyesera zinthu pa chithanki chachikulu ndi kodula, batch imodzi ikawonongeka ndi shuga matani, magetsi, nthunzi ndi masiku a anthu. Nde tinatenga kathanki ka malita 5 kaja n'kukalumikiza ndi paipi yaitali yopindapinda yopanda mpweya, pampu ikukoka madzi kuchokera mu kathanki kudutsa mu paipi n'kubwerera, shuga tikumulowetsera poyambira paipiyo. Paipi ikuimira pamwamba pa chithanki chachikulu, kathanki kakuimira pansi. Pambali tinayatsa kathanki kena kabwinobwino ndi mbewu yomweyo kuti tiyerekeze, ndi kachitatu komwe kali ndi paipi yomweyo koma shuga akulowera mu kathanki pafupi ndi impeller. Tsiku lonse linathera pa kumanga, kuphika zonse mu autoclave, chiwiya chophera majeremusi ndi nthunzi, pa madigiri 121, ndi kudikira mbewu.

Usiku wa Lachinayi ndi umene ndinagona ku fakitale, kapena ndinene kuti sindinagone. Cha m'ma 2 koloko kathanki koyamba ka paipi kaja kanayamba kuchita thovu, loyamba laling'ono loyera kenako likukwera galasi mofulumira kulunjika ku sefa yotulutsira mpweya, ndipo thovu likangonyowetsa sefa imeneyo imatseka, presha imakwera, batch yatha. Bambo wina wamkulu yemwe wakhala pa shifiti ya usiku zaka zambiri anali atafika kale ndi sirinji ya antifoam, mankhwala ophera thovu, m'manja, ine ndikuti bambo thirani msanga, iwo akuti dikirani pang'ono bwana, n'kudontheza timadontho tiwiri tokha. Thovu linaphwa, ndipo nthawi yomweyo DO pa sikirini inagwa kenako n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono. Ndi zomwe ankaopa, antifoam amapha thovu koma amachititsanso kuti timathovu ta mpweya ta m'madzi tiziphatikizana n'kukhala tikuluakulu, ndipo thovu lalikulu silipereka okosijeni bwino ngati ting'onoting'ono tambiri. Ukathira mwamantha wapulumutsa sefa koma wabanikitsa tizilombo. Kenako anatenga sampulo, kuinunkhiza pang'ono chapatali n'kundipatsa, ati bwana imeneyi yayamba kale kuwawasa. Mphuno yawo inatsogola, HPLC inangodzavomereza m'mawa.

Zotsatira zinali zomveka bwino. Kathanki kabwinobwino kanapereka enzyme ngati kale, ndiye mbewu inalibe mlandu. Ka paipi kokhala ndi shuga wolowera kopanda mpweya kanatulutsa acetate ndi formate ngati chithanki chachikulu chija. Kachitatu kanali pakatikati koma kufupi kwambiri ndi kabwinobwino.

Lachisanu ndinapita ku msonkhano ndi zinthu ziwiri. Choyamba paipi ya shuga itsitsidwe ilowe m'madzi ikathere pafupi ndi impeller, pomwe madzi amathamanga kwambiri ndipo mpweya ndi wambiri. Chachiwiri pampu isamangotsatira ndondomeko ya nthawi, izimveranso mpweya wotuluka mu thanki, tikaona kuti carbon dioxide wotuluka wayamba kuposa okosijeni wolowa m'thupi mwa tizilombo, izichepetsa shuga yokha. Ndinkaganiza kuti a production ndi omwe akane koma amene anakana ndi mayi a ku quality, ndipo mfundo yawo inali yoona. Anati achimwene, paipi yomira m'madzi pampu ikaima madzi a mu thanki amatha kubwerera m'mwamba mwake, tizilombo tikakulira momwemo, komanso paliponse pomwe mwawotcherera chitsulo chatsopano pakakhala kangodya komwe nthunzi siifika ndiye mwamangira nyumba mabakiteriya achilendo. Amanena zoona, chifukwa kachilombo kamodzi kachilendo kokula msanga kamatha kulanda thanki yonse usiku umodzi, osanenanso za ma phage, mavairasi omwe amapha E. coli, omwe akalowa mu fakitale kuwachotsa kwake ndi nkhondo. Tinakambirana mpaka madzulo, mapeto ake tinagwirizana kuti paipi ikhale ndi valavu pafupi penipeni ndi khoma la thanki, itsetsereke kuti madzi asamaimemo, ndipo tisanaikemo mbewu tiyese kaye ndi chakudya chokha chopanda tizilombo, tichiphike ndi nthunzi n'kuchisiya masiku angapo tione ngati chimere kanthu.

Bwana wamkulu sanasangalale kumva kuti chithanki chikhala sabata ina osapanga kanthu koma anasaina. Probe yachiwiri ya DO yoika pamwamba anati idikire bajeti ya chaka chamawa, zomwe ine sindikugwirizana nazo chifukwa mtengo wake sufika n'komwe pa batch imodzi yowonongeka, nde ndailembanso mu lipoti kuti ikhale pa pepala. Loweruka owotcherera anabwera kudzayeza malo a paipi, ndipo ine ndinakhala nawo mpaka masana kuonetsetsa kuti siikhudza ma baffle, zitsulo za m'mbali mwa thanki zothandiza kusakaniza madzi, kapena mapaipi oziziritsira. Mayeso a chakudya chopanda tizilombo ayamba Lachiwiri likubwerali.